RF ikutuluka positive paliponse, vuto ndi reagent kapena?

Labu Thyolo: Anzanga thandizeni msanga. RF (rheumatoid factor, muyeso wa magazi wofufuzira nyamakazi yotchedwa rheumatoid arthritis, RA) ya latex ikugwirana, ndiye kuti positive, pafupifupi sampulo iliyonse. Pali mayi wothyola tiyi, zala zatupa manja onse, m'mawa zimauma kupitirira ola, miyezi inayi tsopano. RF positive, ESR (muyeso wosonyeza kutupa m'thupi) yakwera. Koma yatulukanso positive kwa bambo wa TB amene mfundo zake zilibe vuto. A kilinikala akudikira ine kuti ayambe kupatsa mayiwo methotrexate, mankhwala a RA. Ndiwauze chiyani?

Wakale pa benchi: Negative control (sampulo yodziwika kale kuti ndi negative) munaika, achimwene? Nayonso ikagwirana, botololo tayani. Reagent imeneyi imafuna madigiri 2 mpaka 8, ndipo magetsi akamazimazima firiji musaidalire. Muziwerenga pa mphindi 2, mukachedwa dontho limauma n'kumaoneka ngati lagwirana.

Wa ku Luchenza: Tumizani magazi akayezedwe anti-CCP, muyeso wina wa RA, basi.

Sisita wa OPD: Za bambo wa TB musadabwe. TB, malungo obwerezabwereza, hepatitis C, ngakhale ukalamba zimakweza RF. ESR nayo imakwera munthu akachepa magazi. Hb (mlingo wa magazi) ya mayiwo ili bwanji?

Wa ku Luchenza: N'chifukwa chake ndikuti anti-CCP. Imeneyo sinamiza kawirikawiri ngati RF.

Wakale pa benchi: Akulu, mpaka ku Blantyre, ndalama zake mayi wa ku esiteti azitenga kuti? Ndiponso alipo odwala RA amene zonse ziwiri zimatuluka negative. Pa ndondomeko yozindikirira RA ya ACR/EULAR (mabungwe a madokotala a nyamakazi a ku America ndi ku Ulaya) ya 2010 pamafunika mapointi 6 pa 10, ndipo RF ndi anti-CCP zimapereka 3 zikachulukitsa. Zala zija zimawerengedwanso, osati magazi okha.

Wa ku famase Mulanje: Ine mantha anga ali pa methotrexate. Afunseni kaye mayiwo ngati ali pa ma ARV, chifukwa ambiri amalandiranso Bactrim, ndipo Bactrim akakumana ndi methotrexate amagwetsa maselo a magazi. Muyeze mimba, hepatitis B, chiwindi ndi impso. Tinalandirapo gogo wina amene ankamwa tsiku ndi tsiku m'malo mwa kamodzi pa sabata. Anafika m'kamwa muli zilonda zokhazokha, phala lomwe kulephera kumeza. Pakapepala panalembedwa bwinobwino, koma panalibe womuwerengera.

Wa ku Luchenza: Zonsezo n'zoona, koma anti-CCP ikadalipo sitikadakangana.

Sisita wa OPD: Mwamvekatu bambo, kachitatu aka. Mayiwo alembereni kalata apite ku Queens. Pakadali pano musawaunjikire prednisolone (mankhwala ochepetsa kutupa) TB musanaione.