Ndimapeka nyimbo ku Bangula: ndijambule bwanji mavidiyo kuti luso lipite patsogolo?

NyaGitala_Bangula

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndimapeka ndekha nyimbo n'kumaimba ndi gitala, zina m'Chisena, zina m'Chichewa. Zida zanga ndi foni ya Android, gitala wosalumikiza ku magetsi ndi kapawabanki kamodzi. Mavidiyo ndimaika pa TikTok ndi pa Facebook. Koma mawu amamveka ngati ndikuimbira mu mgolo, gitala n'kumaphimba liwu langa, ndipo foni imatentha mpaka kamera kudzitseka nyimbo isanathe. Ena akuti nditsegule YouTube ndiyambe kulandira ndalama. Ndiyambire pati? Nanga nyimbo zanga ndizitchinjirize bwanji kuti wina asazitenge?

Wamawaya_Nchalo

Chemwali, yambani ndi mawu. Munthu amapirira chithunzi chosawala bwino, koma mawu akamuwawa m'khutu amadutsa nthawi yomweyo.

Kumveka ngati mu mgoloko n'chifukwa cha zinthu ziwiri. Foni mumaiika patali, mwina mamita awiri, kuti muoneke thupi lonse pamodzi ndi gitala. Pamtunda umenewo maiki imatola chipinda kuposa pakamwa panu. Ndiye chipindacho chikakhala cha makoma a simenti, pansi posalala, pamwamba malata, mawu amagunda khoma n'kubwerera kangapo. Jambulirani kuchipinda kogona. Imikani matiresi kukhoma lomwe mwayang'ana, kolekani mabulangete awiri kumbuyo kwanu, pansi yalani mphasa kapena ziguduli. Nyumba yofolera udzu imaposa ya malata pa ntchito imeneyi, ngakhale anthu amaipeputsa.

Kenako lekanitsani mawu ndi chithunzi. Pa BandLab, pulogalamu yaulere yojambulira nyimbo pa foni, mukhoza kujambula m'magawo. Yambani ndi gitala yekha, metronome (kogunda kosunga liwiro la nyimbo) ikugunda m'makutu. Maiki ya foni (ili kunsi, pafupi ndi potchajira) iloze pomwe khosi la gitala likumana ndi thupi lake, cha pa fret (kachitsulo kopingasa pakhosi la gitala) ya 12, pamtunda wa masentimita 20 mpaka 30. Musailozetse pabowo lapakati: pamenepo pamatuluka mabesi okhaokha, ndipo ndiwo akumeza liwu lanu. Mukatero imbani pamwamba pake, pakamwa patalikirane ndi maiki ngati chikhatho chimodzi, mutapendekera pambali pang'ono. Mpweya wa "p" ndi "ph" umaphulika mu maiki. Pindani waya wa hang'ala ngati mkombero, mukungepo sokosi yopyapyala, muike pakati. Mahedifoni akhale a waya. A Bluetooth amachedwetsa mawu, ndiye mumaimba motsalira osadziwa.

Yang'anani mlingo wa mawu. Pomwe mukukweza kwambiri pafike cha pa -6 dB, osapitirira. Zikafiira ndiye kuti mawu ang'ambika, ndipo ong'ambika sasokeka. Ngati pulogalamu ili ndi chochotsa phokoso, chizimitseni, chifukwa chimayesa gitala ndi phokoso n'kumamudula mapeto. Foni ikhale pa airplane mode, wina angakuimbireni muli pakati pa kolasi.

Mukafuna kugula kamaiki kokoloweka pa kolala, onani pulagi yake. Ya foni imakhala ndi timizere takuda titatu. Ya timizere tiwiri ndi ya kamera, foni siimva. Foni yopanda bowo la mahedifoni imafuna kolumikizira ka USB-C kolandira maiki, si konse komwe kamatero. Kamaikiko kakolekeni m'mwamba pafupi ndi khosi, chifukwa pachifuwa kamayandikira gitala kuposa pakamwa.

Nyimbo ikatha, itulutseni ngati WAV (fayilo ya mawu yosafinyidwa) muisunge. Pojambula chithunzi, iseweretseni pa sipika n'kumaimba motsatira, mokweza ndithu, osangogwedeza milomo, poti mitsempha ya pakhosi imaulula. Mu CapCut, pulogalamu yokonzera mavidiyo, yanjanitsani mawu a kamera ndi oyera aja, kenako a kamera muwazimitse. Ngati mukujambula zonse nthawi imodzi ndi mafoni awiri, ombani m'manja kamodzi poyamba. Kansonga ka phokosolo ndiko kolumikizira.

Nthawi yabwino kuno ndi mbandakucha, atambala akangochepetsa, chigayo ndi njinga za kabaza zisanayambe. Dzuwa likakwera malata amathetheka, ndipo mu Okutobala nyenje sizisiya mpata.

Mayi_a_Kanema

A Wamawaya anena zoona. Ine ndionjezere za kutentha ndi chithunzi.

Foni imadzitseka pofuna kudziteteza. Ku Chigwa kuno, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye foni imayamba ntchito ili yofunda kale. Zomwe zimaimaliza ndi kujambula pa 4K, kuitchaja uku ikujambula, chikava chokhuthala ndi kuiika padzuwa. Tsitsani pa 1080p, mafelemu 30 pa sekondi. Vulani chikava, tchajani isanafike nthawi, chepetsani kuwala kwa sikirini, tsekani mapulogalamu ena onse. Jambulani vesi imodzi, pumani, kenako ina. Ikatentha ikani pamthunzi podutsa mphepo. Mufiriji kapena m'kulaboksi ya madzi oundana ayi: chinyezi chimaundana mkati n'kuononga. Gitala nayenso asagone motsamira khoma lowombedwa dzuwa, guluu wa pomangirira zingwe amafewa. Muzimuchuna musanajambule chigawo chilichonse.

Kuwala kwabwino n'kwa pakati pa 6 ndi 8 koloko m'mawa, kapena 4 koloko ikadutsa. Nkhope iyang'ane kochokera kuwala. Zenera likakhala kumbuyo mudzaoneka chithunzithunzi chakuda. Dinani nthawi yaitali pankhope panu pa sikirini kuti kamera ikhazikike, isamasinthesinthe mukagwedezeka. Pukutani galasi la kamera, thukuta ndi fumbi ndizo zimachititsa chifunga. Usiku pansi pa babu mukaona mizere ikuyenda, sankhani mafelemu 25 ngati foni ikulola, popeza magetsi athu ndi a 50 Hz.

Vidiyo ya TikTok, Reels (pa Facebook) ndi Shorts (pa YouTube) ijambuleni choimirira, 1080 x 1920. Nkhope ikhale chakumtunda, chifukwa kunsi ndi kudzanja lamanja kumadzaza mabatani ndi zolemba. Ndipo musayambe ndi "moni nonse, lero ndikuimbirani". Masekondi awiri oyamba akhale mzere womwe anthu angaung'ung'udze potunga madzi. Nyimbo imodzi imabala mavidiyo anayi kapena asanu: kolasi yokha, vesi yomwe ili ndi mawu olasa, gitala yekha, kufotokoza mwachidule chomwe chinabala nyimboyo, kenako yathunthu pa YouTube. Awiri kapena atatu pa sabata osadumphitsa amaposa khumi tsiku limodzi kenako zii mwezi wonse.

Za bandulo: potulutsa mu CapCut ikani bitrate (kulemera kwa vidiyo pa sekondi) cha pa 8 Mbps. Pamenepo mphindi imodzi ndi pafupifupi 60 MB, ya masekondi 30 ndi theka lake. Kwezani usiku kwambiri kapena m'mamawa netiweki isanadzaze. Pa tsamba lililonse kwezani fayilo yoyambirira, osati yotsitsa ku TikTok yokhala ndi chidindo. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document, apo ayi imafinyidwa.

Malo okongola tili nawo, koma m'mbali mwa Shire musakhale pansi mutafulatira madzi, ng'ona sizidziwa kuti mukujambula. Ku Lengwe, ku Majete ndi m'minda ya nzimbe pemphani chilolezo kaye. Ku Khulubvi, kwa Mbona, si malo ongofikira ndi kamera. Kuli eni ake ndi miyambo yake.

Kalondolondo

Mng'ono wanga, za ndalama za YouTube zija muzimve bwino musanathere bandulo. Kuti tsamba liyambe kugawana nawo ndalama za malonda pafunika olitsatira 1,000 ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12, kapena kuoneredwa ka 10 miliyoni pa Shorts m'masiku 90. Komanso ndondomekoyi imagwira m'mayiko okhawo omwe ali pa mndandanda wawo, ndiye muuwerenge nokha pa tsamba lawo la chithandizo. Pali anthu odzakuuzani kuti mungonamiza dziko kapena mulembetse m'dzina la m'bale wawo wa ku South Africa. Dziwani kuti amatsimikiza dzina ndi keyala, ndipo mwini akaunti yolandirira ndiye mwini ndalama. Mukadzayambana mudzangotsala ndi gitala.

Kwa woimba wongoyamba, vidiyo ndi chikwangwani. Ndalama zimachokera kwa omwe aona chikwangwanicho: a ukwati, a chinkhoswe, a mpingo, amabungwe ofuna nyimbo ya uthenga, a sitolo ofuna kanyimbo kotsatsa malonda. Choncho pa tsamba lanu pakhale nambala ya ntchito yokha, pa SIM ina, yolembetsedwa m'dzina lanu, yokhala ndi Airtel Money kapena Mpamba. Wokuitanani apereke theka musananyamuke, ndipo za thiransipoti, zokuzira mawu ndi kutalika kwa nthawi yoimba mugwirizane polemba, ngakhale pa WhatsApp pomwepo.

Tsopano umwini. Malinga ndi lamulo la Copyright Act la 2016, nyimbo imakhala yanu mukangoipeka n'kuilemba kapena kuijambula. Kulembetsa si kumene kumabala umwini. Chofunika pa mkangano ndi umboni. Sungani kope la mawu lokhala ndi madeti, timawu toyamba tomwe munajambula pa foni, ndi mafayilo a BandLab. Dzitumizireni pa imelo nyimbo iliyonse musanaiike poyera. Kenako lowani umembala wa COSOMA ndipo muzilembetsa nyimbo iliyonse payokha. Bungweli ndilo limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo, monga mawailesi, n'kugawira eni ake, ndipo nyimbo yomwe saidziwa sangakulipireni.

Pomwe ambiri amagwa ndi ku situdiyo. Nyimbo ili ndi umwini pawiri: chopekacho (mawu ndi maimbidwe) ndi chojambulidwacho. Musanayambe, lembani pepala limodzi: dzina la nyimbo, wapeka mawu ndani, wapeka maimbidwe ndani, aliyense gawo lake pa 100, chojambulidwa n'cha yani, ndipo pulojusa walipidwa zonse kapena ali ndi gawo. Nonse musaine, aliyense atenge lake. Mutuluke ndi WAV, osati MP3 yokha. Mabiti olembedwa "free" pa YouTube achenjereni: ambiri ndi aulere pongoyeserera, ndipo wina akalembetsa biti yomweyo mu Content ID (njira ya YouTube yozindikirira mwini nyimbo), ndalama za vidiyo yanu zimapita kwa iye kapena vidiyoyo imatsekedwa.

Kuti nyimbo ifike pa Spotify ndi Apple Music pamafunika kampani yogawa, monga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby. Iwo amapereka nambala ya ISRC, yozindikiritsa chojambulidwa cha nyimbo iliyonse. Muilembe penapake, idzafunika mukadzasamuka. Musanalipire, onani kaye njira yomwe amatumizira ndalama ngati mungathe kuilandira muli ku Malawi. Pa Audiomack mukhoza kukweza nokha mwaulere.

Wailesi musaiiwale. Agogo omwe amasankha woimba pa ukwati sali pa TikTok, ali pa Nyanthepa ndi Gaka FM. Kasiyeni MP3 ya 320 kbps yolembedwa bwino dzina lanu ndi la nyimbo, osati "audio 0047".

NyaGitala_Bangula

Zikomo akuluakulu, ndalemba zonse. Funso lina: ena akuti Chisena chindichepetsera anthu, ndiziimba Chichewa chokha. Komanso ndimafuna kuikamo valimba (chida choimbira cha timatabwa togogoda), koma tikayesa ndi gitala zimamveka ngati wina sanachune.

Sekulu_wa_Ngabu

Mwanawe, okuuzani zosiya Chisenawo akuyang'ana ku Blantyre kokha. Tembenukirani kumwera. Kudutsa Marka, anthu a ku Mutarara, Caia mpaka Beira amamva Chisena, ndipo intaneti siifunsa chiphaso pa chipata. Oimba Chichewa ndi gitala ndi ochuluka zedi. Chomwe chingaimitse chala cha munthu ndi chomwe sanachimvepo. Imbani momwe nyimboyo inabwerera. Ya Chisena muziika mawu a Chichewa pa sikirini, mzere umodzi nthawi imodzi, olemba nokha, chifukwa zolemba zokha za m'mapulogalamu zimaphonya zilankhulo zathu. Mukaona mu analytics (ziwerengero za oonera pa tsamba lanu) kuti a ku Mozambique akuchuluka, onjezani mzere wa Chipwitikizi pa mutu.

Za valimba, palibe yemwe walakwa kuchuna. Valimba amagawa mawu ake m'masitepe asanu ndi awiri otalikirana pafupifupi mofanana, pomwe gitala ali ndi masitepe aakulu ndi aang'ono. Mukaphatikiza makodi athunthu zimalimbana basi. Pamenepa ndisiyane pang'ono ndi a Wamawaya: musayambe ndi gitala ndi metronome. Jambulani valimba poyamba, liwu lanu litsatire iwo, monga amachitira oimba kumudzi. Gitala mumusiye, kapena mumuchune pa liwu limodzi la valimba n'kumangodina chingwe chimenecho ndi china chogwirizana nacho. Auto-tune (pulogalamu yowongola liwu) isayandikire, imakokera liwu ku masitepe a piyano.

Maiki ikhale mita imodzi pamwamba, chapakati, chifukwa oimba amakhala angapo pa chida chimodzi ndipo mukayandikiza mbali imodzi enawo amasowa. Kunjenjemera kotuluka m'zikho za kunsi si vuto la maiki, ndi liwu lenileni la chidacho, musalichotse. Oimbawo mugwirizane nawo malipiro, mayina awo alembedwe pansi pa vidiyo. Ndipo nyimbo ya makolo, kaya ya utse kaya ya likhuba, musailembetse ngati mwapeka ndinu: lamulo lomwe atchula a Kalondolondo limaika umwini wa zoterezi m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse. Funsani a COSOMA momwe mungalembetsere gawo lomwe mwaonjezera.

Mayi_a_Kanema

Ndinaiwala chimodzi. Mvula ya Januwale mpaka Malichi tikuidziwa, za namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023 sitinaiwale. Nyimbo zisakhale mu foni mokha. Google Drive imapereka 15 GB yaulere. Ikanimo ma WAV, mawu a nyimbo ndi zithunzi za mapepala osainirana aja, mavidiyo olemera apite pa memori khadi yomangidwa m'pulasitiki. Pa akaunti iliyonse yatsani chitsimikizo chachiwiri, ndipo manambala obwezeretsera akaunti muwalembe papepala. Uthenga wonena kuti "tsamba lanu litsekedwa, dinani apa" musaudine, ndi momwe amabera masamba, ndipo pasiwedi isapite kwa aliyense wodzitcha manijala.