Thanki ya njinga ikudontha petulo, ndipange bwanji?

Wakabaza_Chibavi: Abale thandizeni, njinga yanga yamoto ya Boxer ikudontha petulo pansi pa thanki pompo pamene pamangidwa kampopi kaja, ndikaimika usiku mmawa ndikupeza pansi ponyowa nyumba yonse fungo lokhalokha ndiye petulo mmene wadulilamu mtima ukuwawa. Ndimate ndi silikoni?

MakanikoWaLuwinga: Silikoni ayi achimwene, petulo amaidya ndipo zidutswa zake zikatsekanso kabuleta. Vuto ndi kalabala kapakati pa thanki ndi kampopiko, kamauma nkusweka, komanso petulo wathu kuno amasakaniza ndi ethanol ndiye malabala otchipa sachedwa kutha. Khuthulani petulo yense mu chigubu, masulani mabawuti awiri omwe amamanga kampopiko, pukutani bwinobwino pamalopo kuchotsa dzimbiri, muikepo katsopano. Potenga katsopano pitani ndi kakaleko mukafanizire. Pomanga sinthanasinthanani mabawutiwo pang'onopang'ono, mukakanikiza mbali imodzi labala amapindika nkuyambanso kudontha.

Mai_a_Zolozolo: Chonde njingayo isagonenso mnyumba mpaka itakonzedwa, mbaula ili pafupi komanso ana. Ndikupemphani ndithu.

Dada_Katoto: Muonetsetse kaye ngati ndi labaladi. Pukutani paume, mupake choko kuzungulira, pamene payambe kunyowa mpomwe pali vuto. Ndi mvula ya kuno ku Mzuzu madzi amalowa mthanki nkuboola pansi ndi dzimbiri. Ngati yabooka, sopo wamtanda amagwira kuti mukafike kwa makaniko basi, koma musalole munthu awotcherere isanatsukidwe, mpweya wa petulo umaphulika.

Wakabaza_Chibavi: Yewo chomene nonse, mawa ndiyamba ndi chokocho. Njinga lero igona panja.