Phulusa la mankhusu a mpunga mu konkire wa khonje: ndithandizeni

Akuluakulu omanga, ndabwera ndi funso. Ndimaumba matailosi ofolera ndi zivundikiro za zimbudzi kuno ku Nkhotakota, ndipo mu simenti ndi mchenga ndimathiramo ulusi wa khonje wodula tizidutswa kuti zisamang'ambike. Vuto ndi loti pakapita zaka zingapo ulusi uja umafumbutuka, tailosi n'kumathyoka ngati bisiketi. Ndikudziwa kuti chimadya khonje ndi laimu amene amatuluka simenti ikamauma, ndipo silika (chinthu chopezekanso mu mchenga) wa m'phulusa la mankhusu a mpunga amagwirana ndi laimu ameneyu n'kulimbitsa konkire. Mankhusuwo kuno ali mbwee kuseri kwa zigayo, pomwe thumba la simenti la makilogalamu 50, mtengo wake mukuudziwa nokha.

Ndinayesa kuchotsa simenti gawo limodzi mwa magawo asanu n'kuikamo phulusa, koma matope anauma gwa, akufuna madzi ambiri, ndipo patatha masiku 7 tailosi inali yofewabe. Kodi ndinafulumira, ndidikire masiku 28 ndikuthirira? Kapena ndachulutsa phulusa?

Chikundizunguza kwambiri ndi kaotchedwe. Moto ukapitirira madigiri 700 silika uja sagwiranso ntchito bwino, ukachepa phulusa limatuluka lakuda ndi makala. Langa linatuluka lotuwa, lina lakuda. Popanda choyezera kutentha, inu mumadziwa bwanji kuti lapsa bwino? Nanga posinja, mtondo ndi sefa ya ufa zikwanira?

Amene munayesapo ufa wa njerwa zootcha m'malo mwa phulusali, ndiuzeninso momwe zinayendera.