Mlombwa kapena mbawa pa chitseko cha kutsogolo? Amisiri ndithandizeni

NaPhiri wa ku Zomba:
Moni nonse. Nyumba yathu yafika poika zitseko ndiye mutu wandiima. Kalipentala wathu akuti cha kutsogolo atipangire cha mlombwa, zamkatizi za mbawa kapena paini basi, koma ndalama ya mlombwayo yakwera zedi moti bambo a kunyumba akuti tingoika mbawa paliponse poti yonse ndi mitengo yolimba. Chitsekocho chayang'ana komwe mvula imawombera, khonde ndi laling'ono, komanso chinyezi cha kuno mukuchidziwa. Kodi kusiyana kwake ndi kotani kwenikweni? Nanga ndingadziwe bwanji kuti thabwa ndi mlombwa weniweni, poti ndamva kuti ena amangopaka bulugamu mtundu nkumati ndi womwewo?

Mmisiri wa ku Ndirande:
Mayi, kalipentala wanuyo wakuuzani zoona, mumvereni. Mlombwa anthu amaukondera maonekedwe koma ife timaukondera khalidwe lake, ukauma wauma basi, sutupa kwambiri nthawi ya dzinja ndipo subwerera kwambiri ikafika Okutobala. Chitseko cha panja vuto lake lalikulu ndi limeneli, mvula ikayamba chimakana kutseka, mwachipala m'mbali, dzuwa likabwera pakhala mpata woti mphepo nkumalowa, loko naye wasiya kugwirana. Mlombwa wouma bwino sachita zimenezo kawirikawiri. Chiswe nachonso sichiukonda.

Koma tamverani apa chifukwa ndi pamene ambiri amapusitsidwa. Cholimbacho ndi mtima wa mtengo, wabulauni uja, pena wopita ku golide pena wofiirira wokhala ndi mizere yakuda. Mbali yoyera ya m'mphepete ija si kanthu, imafumbwa msanga, mudzangoona timabowo ting'onoting'ono ndi kaufa pansi pa chitseko. Ena amaisiya dala kuti thabwa lioneke lalikulu kenako nkuibisa ndi siteni. Ndiye muwauze kuti pa chitseko ndi pa felemu pasapezeke choyera olo pang'ono.

Kuzindikira kwake musalole kuona katundu atapakidwa kale vanishi. Pitani ku shedi matabwa akadali osapaka, muwauze apale pang'ono ndi puleni inu muli pompo. Mlombwa mtundu wake uli mkati monse, ukapala pansi pake pamatuluka womwewo, ndipo umatulutsa kafungo kabwino kake kake koti ukakamva kamodzi suiwala. Bulugamu wopaka mukangopala pamatuluka poyererapo, ndi wolemera mouma gwa, ndipo kawirikawiri kumapeto kwa thabwa amakhala atang'ambika. Malaina ndiye sabisika nkomwe, ndi woyera komanso wopepuka.

Mbawa sindikuinyoza ayi, ndi thabwa labwino la makabati, mabedi, matebulo, zitseko zamkati. Kungoti pa mvula ndi chiswe siifika pa mlombwa, komanso popala imavuta, ulusi wake umayenda mopingasana ndiye puleni ikakhala yobuntha imazula m'malo mosalaza.

Wa ku Joni:
Kungoonjezera pa zomwe anena madalawa. Kuno ku South Africa mlombwa amautcha kiaat, ku Zambia ndi ku Zimbabwe amati mukwa, ku Mozambique umbila, a zankhalango amalemba Pterocarpus angolensis, ndiye mukamafufuza pa intaneti lembani maina amenewo mupeza zambiri. Ine ndimagwira ntchito mu wekishopu ya mipando ndipo chimene chimadabwitsa anthu nchakuti si thabwa lolemera kwambiri ayi, louma limakhala cha m'ma 600 kg pa kiyubiki mita, muwanga ndi tsanya zimaposa patali, koma pa nkhani yosapindika ndi ochepa amene amafikapo. Guluu amagwira bwino, sandipepa amayenda bwino. Chenjezo langa ndi fumbi lake, ena limawayabwa pakhungu ena limawatseka pachifuwa, kalipentala wanuyo azivala chotchinga kukamwa akamasanda. Masikuluwu a mahinjesi ayambe waboola kaye ndi dililo, osangokhomerera ndi hamala ngati msomali.

Che Bwanali:
Ine nditsutsako pang'ono. Mbawa mukuichepetsa. Nyumba zakale zambiri ndi matchalitchi zitseko zake ndi za mbawa ndipo zilipobe mpaka lero, nkhani ndi yakuti mitengo yake inali yokhwima, ikuluikulu ya m'mbali mwa mitsinje ija, ndipo amisiri ankaiumitsa mosathamanga. Masiku ano thabwa lachekedwa sabata yatha lero lili kale pa benchi. Kaya ndi mlombwa kaya ndi mbawa, likakhala laliwisi lidzakukhumudwitsani basi, majointi adzatseguka. Ndiye Mayi funso loyamba kwa kalipentalayo likhale lakuti matabwawa anachekedwa liti ndipo amasungidwa pati. Oyenera amakhala atasanjidwa pamthunzi, osagunda pansi, pakati pa thabwa ndi thabwa pali timitengo toti mphepo izidutsa, kwa miyezi ndithu osati masiku, makamaka okhuthala a mainchesi awiri a felemu aja. Ngati ndalama yavuta, mbawa youma bwino ndi khonde lotalikirako bola, kusiyana ndi mlombwa wauwisi.

Mwana wa ku Ntchisi:
Nkhani yabwino koma pali mbali ina yomwe sitikuikhudza. Mlombwa ukutha anthuni. Kwathu tili ana unali paliponse m'thengo, timasewera ndi zipatso zake zozungulira zaminga pakati zija, ukatema khungwa umatuluka utomoni wofiira ngati magazi, agogo amapangira mankhwala, ena amasemera ng'oma ndi mitondo. Pano kuti upeze waukulu woti nkuchekamo thabwa la chitseko uyende mtunda, ndipo umakula pang'onopang'ono kwambiri, amene wabzala lero odzacheka ndi adzukulu ake. Mbewu yake nayonso kumera imavuta. Si nkhani ya ku Malawi kokha, pa msonkhano wa CITES (pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera za m'thengo) wa ku Panama mu Novembala 2022 anaika mitundu yonse ya Pterocarpus ya mu Africa pa Appendix II limodzi ndi mbawa ndi msambamfumu, kutanthauza kuti kutumiza kunja kumafuna chilolezo. Mukula, mtengo wachibale wa mlombwa uja unavuta ku Zambia, anauika kale pa mndandandawo mu 2019, ndipo amene anapempha ndi dziko lathu lomwe lino. Sindikuti musagule, koma funsani mapepala a Forestry a matabwawo, chifukwa opanda mapepala akhoza kulandidwa pa rodibuloko ndalama zanu nkupita. Ndipo ngati mwagula mlombwa ugwire ntchito pamene ukufunikadi, zamkati paini wa ku Chikangawa akwana.

NaPhiri wa ku Zomba:
Zikomo kwambiri nonse, ndawawerengera bambo a kunyumba ndipo agonja, cha kutsogolo chokha ndi felemu yake zikhala za mlombwa. Loweruka tipita limodzi kukaona matabwawo asanayambe kudula, za mapepala tikafunsanso. Funso lomaliza a Mmisiri, tipake chiyani? Ine ndimafuna mtundu wake uja uzioneka, penti ayi.

Mmisiri wa ku Ndirande:
Penti pa mlombwa ndi kuononga Mayi, ndipo siteni safunikanso. Pogula vanishi nenani kuti mukufuna wa panja, chifukwa wa mkati uja dzuwa limamusuwa chaka chisanathe. Apake katatu, kupaka koyamba asungunule pang'ono kuti alowe m'thabwa, akauma apitepo ndi sandipepa wosalala kenako apakenso. Ena amakonda mafuta a linsidi, nawonso ndi abwino ndipo sasuwa, kungoti muzibwereza chaka ndi chaka mvula isanayambe. Chachikulu chimene anyamata ambiri amaiwala ndi pamwamba ndi pansi pa chitseko, pomwe maso saona paja, madzi amalowera pamenepo. Apake mbali zonse zisanu ndi imodzi chitseko chisanapachikidwe, pansi asiye kampata kuti chisamakhudze simenti yonyowa, ndipo mahinjesi akhale atatu osati awiri.