Kodi a Chakwera adzaimanso mu 2030? Bambo a kunyumba akufuna kugulitsa ng'ombe zapangolo

Mayi wa ku Ngabu (dzina labisidwa)

Aadimini ndibiseni dzina chonde, pagulu pano pali alamu anga ndi anthu a kumpingo kwathu.

Ndine mayi wa ana anayi, timakhala kumunsi kwa Ngabu, mbali ya kudimba. Bambo a kunyumba ndi a tambala wakuda chibadwire, ali mukomiti ya chipani kudera kwathu. Zotsatira za chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 zitatuluka anatha masabata awiri nsima akungoitola, wailesi osayatsa. Mumtima ndinati mwina apa atopa nazo, tiyambe kuona za pakhomo. Ndinadzinamiza.

Pano abwera ndi ina. Akuti a Chakwera adzaimanso mu 2030 ndipo adzapambana, ngati momwe a Mutharika anagwera mu 2020 n'kudzabwerera. Akuti amene akugwira chipani lero, pamene ena akuvula makaka n'kuthawa, ndi amene adzakumbukiridwe. Ndiye akufuna ayambiretu kudzionetsa ngati shado wa ukhansala: aike chikho cha mpira wa anyamata ndi wa ntchemberembaye, agule mayunifomu, pamaliro paliponse azifika ndi thumba la ufa. Nditafunsa kuti ndalama yake ichokera kuti, anangoloza kukhola.

Abale, m'khola mwathu muli ng'ombe zisanu. Zitatu ndi zazikazi, ina ili ndi bere. Ziwiri zimene akuziloza ndi zapangolo, ndipo ndi zomwe zimatidyetsa. Zimatuta thonje la anthu, njerwa, mchenga, mapira nthawi yokolola. Munthu akadwala usiku m'mudzi muno amabwera kudzagogoda kwathu kuti timufikitse kumsewu. Madzi a Freddy mu 2023 atatitengera mbuzi ndi chakudya chonse, ngolo yomweyi ndiyo inatidzutsa.

Ine za ndale sindizitsata kwenikweni, n'chifukwa ndabwera kwa inu. Kodi malamulo amawalola a Chakwera kuimanso? Nanga inu mukuona kuti adzaimadi? Ndipo munthu ndilankhule bwanji ndi bambowa osaoneka wamwano? Ndikangotsegula pakamwa amati ndale si za kukhitchini.

Wakabaza wa pa Dyeratu
Mayi gulitsani bambowo, ng'ombe zisiyeni 😂

Mayi wa ku Ngabu
Achimwene ndaseka ngakhale mtima ukuwawa. Angawagule ndani ndi makani amenewa?

Mphunzitsi Wopuma, Chikwawa Boma
Mayi, la malamulolo ndi losavuta. Gawo 83 la malamulo aakulu a dziko lino limati pulezidenti alamulire matemu awiri otsatizana basi, iliyonse ya zaka zisanu. A Chakwera analowa mu Juni 2020 n'kutuluka mu 2025, ndiye kuti alamulira kamodzi kokha. Palibe chowatsekereza. Zaka zakubadwanso si vuto, lamulo limangonena kuti woimayo akhale atakwanitsa zaka 35, za kukalamba silinenapo kanthu. Iwo anabadwa mu 1955, mu 2030 adzakhala ndi zaka 75, pomwe a Mutharika apambana ali ndi 85.

Amene lamuloli linawagwira ndi a Muluzi. Analamulira 1994 mpaka 2004, atafuna kubwerera mu 2009 bungwe la zisankho linawakana, khoti n'kuvomereza kukanako kutatsala masiku ochepa kuti tivote. Anthu anali atasoka kale nsalu zachikasu.

Koma dziko kulola ndi china, chipani kulola ndi chinanso. Amene amasankha woimira chipani ndi nthumwi za kukonvenshoni, ndipo chipani chikangotuluka m'boma pamadzuka anthu ambiri ofuna mpando womwewo. Amuna anu akulosera zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuti mkuluyo adzafuna, ndiponso kuti anzake adzamulola.

Kwacha Mpaka Kale
Adzaima basi, ndipo tikubwerera. Bambowo ndi mwamuna weniweni, mayi musawafooketse. Amene akuseka lero ndi omwe ankaseka a DPP mu 2020.

Mnyamata wa ku Nchalo
Bwererani ndi chiyani inu? Mwaiwala mizere ya mafuta?

Kwacha Mpaka Kale
Dikirani muone anuwo ngati atsitse mtengo wa shuga, muli pafupi ndi fakitale koma mukumwa tiyi wa mandimu.

Adimini
Mayiwa afunsa za ng'ombe zawo ndi banja lawo. Amene akufuna msonkhano wa chipani akapange kwawo. Ndikachenjezanso ndichotsa anthu.

Mlongo wa ku Blantyre, kwathu ku Tengani
Chitsanzo cha a Mutharika bambowo akuchiona mbali imodzi. Inde anabwerera, koma taonani zomwe zinachitika m'chipanimo pakati pa 2020 ndi 2024. Munali magulu, kukokanakokana, nkhani kumakhoti. A Nankhumwa, omwe anali mtsogoleri wa otsutsa kunyumba ya malamulo, anachotsedwa n'kukayambitsa chipani chawo. Ndiye ganizirani wapampando wa kumudzi amene anaononga chuma chake ali kumbali yomwe inagonja. Analowera kuti? Komanso a Joyce Banda anagwa mu 2014, anadzaimanso mu 2025, mavoti ake tonse tinawaona. Kubwerera kulipo kwa mitundu iwiri.

Agogo a ku Nsanje (akulemba ndi mdzukulu)
Mwananga, ine ndili ndi zaka zambiri, ndikuuze zomwe ndinaona ndi maso.

Kuchigwa kuno sitinakondepo munthu ngati momwe tinawakondera a Gwanda Chakuamba. Mbuya. Munthu anakhala m'ndende zaka zoposa khumi nthawi ya Kamuzu, atatuluka tinati Mulungu wamusungira mpando. Mu 1999 anaima, a Chihana ali pambali pawo, sizinatheke. Tinati 2004 ndiye yathu. Chaka chimenecho ine ndinagulitsa mbuzi zisanu ndi njinga yanga yatsopano kuti ndiziyenda ndi anyamata a Mgwirizano kuyambira ku Marka mpaka ku Bangula. Palibe anandituma, ndinachita ndekha ndi mtima wanga, ndipo akazi anga malemu anandiletsa monga momwe iwe ukuchitiramu. Mbuya anathera pa nambala 3. Pasanathe chaka anali nduna m'boma la a Bingu omwe tinkalimbana nawo aja. Sindikuwanena, ndale zimayenda choncho, akuluakulu amakumana kumwamba n'kugwirana chanza. Koma mbuzi zanga sizinabwerere, ndipo ku Fatima ndinkapita wapansi zaka zitatu.

Ndiye taona izi. Mu 2019 a Sidik Mia ndiwo anali womutsatira wa a Chakwera, anthu a ku Chikwawa anati tsopano chigwa chalowa m'nyumba. Januwale 2021 tinawaika m'manda. A Chilima ndani ankadziwa kuti Juni 2024 zidzatero? Sindikufunira munthu zoipa, a Chakwera Mulungu awasunge. Ndikungoti zaka zisanu ndi mtunda wautali, ngakhale mwini wakeyo ukamufunsa lero mwina sakudziwa. Amuna ako akudziwa bwanji zomwe mwini wake sananene?

Mayi wa ku Ngabu
Takhuta agogo. Uthenga wanu ndiwawerengera usiku uno, chifukwa a Mbuya amawatchula tsiku lililonse.

Wa ku East Bank
Agogo anena zoona. Ife kuno njira ya pa Mtayamoyo inaduka mu 1997, mpaka lero kuchoka ku Makhanga kupita ku Bangula ndi pabwato. Werengani apulezidenti omwe adutsa: Muluzi, Bingu, Joyce Banda, Peter, Chakwera, Peter kachiwiri. Doko la ku Nsanje tinavina mu Okutobala 2010, a Mugabe alipo. Ine masiku ano akati uje aimanso ndimangofunsa mtengo wa bwato.

Nachisale
Asisi, ine ndisiye za ndalezo, ndinene za pakhomo. Musalimbane nawo nokha, mudzangotchedwa mkazi wamwano. Kwathu kuno ng'ombe si za munthu mmodzi. Muli ndi ana aamuna? Adzalowolera chiyani? Pitani kwa akulu awo a bambowo kapena atsibweni awo, mukadandaule mwaulemu ngati mukupempha nzeru, osati ngati mukukawasumira. Mwamuna amene samva mkazi amamva mkulu wake. Zikakanika itanani ankhoswe, ntchito yawo si ya ndewu zokha ayi.

Mayi wa ku Ngabu
Aamuna alipo awiri, wamkulu ali ndi zaka 19. Koma ziwiri zapangolozo si za makolo, tinagula tokha ndi ndalama ya thonje ndi ya geni yanga ya nsomba zouma. N'chifukwa akuti palibe wachibale angawaletse.

Nachisale
Ndiye bwino kwambiri, muli thukuta lanu mmenemo. Nenani pamaso pa akulu awowo kuti imodzi mwa ziwirizo ndi ya nsomba zanu. Tione ngati ngolo imayenda ndi ng'ombe imodzi.

Ndinayesapo Ukhansala
Mayi, ine ndinaimapo, osati kwanuko koma chigwa chomwechi, ndiye ndilankhule ngati wodziwa ululu wake.

Funso loti a Chakwera adzaima kapena ayi silikukhudzana n'komwe ndi mpando womwe amuna anu akufuna. Tsiku lovota munthu amalandira mapepala atatu, la pulezidenti, la phungu, la khansala. Anthu athu amadziwa kusiyanitsa. Amatha kuchonga pulezidenti wa chipani china, phungu woima payekha, khansala n'kusankha mwana wa m'mudzi amene amamuona pamavuto. Ndipo musanafike kumeneko pali mapulaimale. Ine ndinathira ndalama zaka zitatu, mipira, mayunifomu, mabokosi a maliro. Kutatsala miyezi iwiri kunatulukira mnyamata wochokera kutauni ndi galimoto, anthu omwe ankavala mayunifomu anga anakafola kumbuyo kwake. Mpira wa chaka chino pofika 2030 udzakhala utaphulika kalekale, ndipo anyamata osewerawo theka adzakhala ali ku Joni kapena ku Mozambique.

Chinanso, mukangoyamba kupereka simusiya. Anthu akakuzolowerani ndi thumba la ufa pamaliro, tsiku lomwe mwafika chimanjamanja ndiye mwalakwa kuposa amene sanaperekepo. Ndalama ya ng'ombe ziwiri singakwanire ngakhale chaka chimodzi. Kumbukiraninso Novembala 2023, kwacha inagwa ndi 44 peresenti usiku umodzi. Amene anali ndi ndalama m'thumba analira, amene anali ndi ng'ombe m'khola anangokweza mtengo.

Ndikanakhala ine, bambowo sindikanawaletsa ndale, chifukwa munthu wa ndale ukamuletsa amachita mobisa. Ndikanawaonetsa kuti kampeni ali nayo kale pakhomo. Mwanena nokha kuti odwala usiku amagogoda kwanu. Pamaliro ngoloyo ikatute nkhuni ndi madzi ulele. Pasukulu akamaumba njerwa, ikatute tsiku limodzi osalipiritsa. Mjigo ukaonongeka, iwo akhale oyamba kusonkhanitsa anthu. Zimenezo anthu saiwala, ndipo madzulo ng'ombe zikubwerera m'khola mwanu. Akazigulitsa adzakhala shado wopanda ngolo, wofanana ndi mashado ena onse.

Mphunzitsi Wopuma, Chikwawa Boma
Apa ndiye mwalasa. Ndionjezere kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pofuna kukopa mavoti, ngakhale tonse tikudziwa momwe zimakhalira kumudzi.

Kwacha Mpaka Kale
Za ngolozo ndavomera. Koma adzaima.

Mlongo wa ku Blantyre, kwathu ku Tengani
Mwina adzaimadi, ine sindikukana. Munthu waima kale kanayi, 2014, 2019, 2020 ndi 2025, ndiye mpikisano sauopa. Koma a John Tembo anayesa 2004 ndi 2009, kenako mu 2013 chipani chomwechi chinatenga m'busa amene ambiri sankamuganizira n'komwe pa ndale. Amene adzaime mu 2030 mwina panopa ali phee kwinakwake, dzina lake sitikulitchula.

Mayi wa ku Ngabu
Ndabweranso abale. Usiku ndinadikira adye kaye, ndiye ndinawawerengera za agogo a ku Nsanje. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati nawonso bambo awo anagulitsa wailesi chaka chomwecho. Za ngolo yotuta nkhuni pamaliro sindinanene kuti zachokera pagulu pano, ndinangoponya ngati ndikufunsa. Anati aganiza, ndipo m'mawa uno ndawamva akuuza mnzawo ngati nzeru yawo. Ndangokhala chete.

Koma sanagonje. Akuti zapangolo azisiya, m'malo mwake agulitse yaikazi imodzi ikangobereka ya bere ija, chikho cha mpira chokha chisalephereke. Za a Chakwera ndiye musanene, akuti ngakhale kubetcha abetcha. Akulu awo abwera Loweruka kuchokera ku Nchalo, ndawatumira kale uthenga.

Wogula Ng'ombe, msika wa Ngabu
Mayi, yaikaziyo ndi ya zaka zingati? Ndilembereni ku inibokosi tikambirane mtengo.

Mayi wa ku Ngabu
Achimwene dikirani Loweruka lidutse.