Za chigoba cha nkhono chija

Ndabweranso pa funso langa la chigoba chosongoka, chamawanga oyera ndi ofiirira, chomwe alamu anga anabwera nacho kuno ku Blantyre kuchokera ku Pemba, ku Mozambique. Paja ndinkafunsa ngati nkhono yake imafalitsa likodzo ngati zina za ku Mangochi. Ayi ndithu, iyi ndi ya m'nyanja yamchere, dzina lake Conus textile. Imabisala mumchenga m'madzi osaya, ndipo imadya nkhono zinzake. Imabaya ndi kadzino konga muvi, poizoni wake ndi woopsa moti munthu akhoza kufa, ndipo mankhwala othetsa poizoniyo kulibe. Chigoba chopanda kanthu chilibe vuto. Koma inu opita ku Mozambique, mukaiona yamoyo musaitole, ngakhale mutavala magolovesi.