Gulu la Banja Lathu: Za Mayeso a Chisomo ku America

Malume a ku Area 25: Mwaswera bwanji nonse. Ndaona bilu ya fizi ya Chisomo ya semesita ya Januwale. Kosi imodzi madola 1,000 ndi kakuti, makosi anayi. Tisanayambe kusonkha, Yamikani afotokoze za mayeso aja anatchula Lamulungu. Tiyeni timve bwino, kenako tigawane zochita.

Yamikani: Taswera amalume. Mayesowo amatchedwa CLEP, eni ake ndi a College Board, omwe aja a SAT, mayeso olowera ku koleji. Anayamba mu 1967, alipo 34, ndipo makoleji pafupifupi 2,900 a ku America amawalandira. Ngati phunziro umalidziwa kale, umangolemba mayeso amodzi a mphindi 90 pa kompyuta, ukakhoza koleji imakulembera makirediti, mapointi amene amawerengera digiri, a kosi yonseyo osalowa m'kalasi. Kosi imodzi nthawi zambiri ndi makirediti 3. Digiri yaing'ono ya zaka ziwiri imene Chisomo akuchita imafuna 60, yaikulu ya zaka zinayi 120.

Mayi a Chisomo: Ndiye kuti sizachinyengo izi? Ndisamve kuti mwana wachotsedwa sukulu.

Azakhali a ku South Bend: Ayi alamu, mtima pansi. Zimalembedwa m'buku la malamulo a koleji momwemo. Kungoti koleji iliyonse ili ndi mawu akeake, ndiye pamenepo mpamene tiyenera kutsegula maso.

Yamikani: Eya, ndipo ndi pomwe ambiri amatayira ndalama. Chisomo, usalipire kalikonse usanapite ku ofesi ya registrar, yosunga marekodi a ophunzira. Ukafunse zinthu izi, ndipo akuyankhe pa imelo, osati pakamwa: ndi mayeso ati amalandira, amafuna malikisi angati pa aliwonse, ndipo mayesowo amalowa m'malo mwa kosi iti, nambala yake yeniyeni. Nambalayo ndiyo nkhani. Atha kukupatsa makirediti 3 koma n'kuwaika ngati kosi yongosankha, pamene digiri yako ikufunabe kosi yeniyeniyo. Ukatero makirediti uli nawo, koma fizi sinachepe ngakhale tambala.

Chisomo: Ndamva achimwene. Ndifunsenso za malire?

Yamikani: Ufunse. Pali malire a makirediti a mayeso amene amalola onse pamodzi, komanso pali amene uyenera kuphunzira pa koleji yomweyo kuti akupatse digiri yawo. Makoleji ambiri amafuna gawo limodzi mwa magawo anayi, ndiye kuti 15 pa 60. Ena amafuna ochuluka.

Bambo aang'ono a ku Joni: Ine funso langa ndi ili. Akakhoza mayeso anayi, ndiye kuti Januwale sitilipira kanthu?

Azakhali a ku South Bend: Ayi achimwene, pamenepo musadzinamize. Chisomo ali pa viza ya ophunzira ya F-1, ndipo lamulo limati azikhala ndi makirediti 12 a m'kalasi semesita iliyonse. A mayeso sawerengedwa pa 12 amenewo. Januwale alembetsabe makosi anayi ndipo tilipirabe. Chimene chikusintha n'chakuti makosi anayi achoka pa mndandanda wonse, ndiye amaliza semesita imodzi msanga. Ndalama tipulumutsa kumapeto, osati mwezi uno.

Bambo aang'ono a ku Joni: Aaa, ine ndimati ndapuma. Chabwino, semesita yathunthu si yaing'ono.

Azakhali a ku South Bend: Komanso akaonane ndi wa ku ofesi ya ophunzira akunja amene amasayina I-20, chikalata cha sukulu choyenderana ndi viza yake. Tsiku lomaliza maphunziro likasuntha, ayenera kudziwa. Semesita yomaliza atha kumulola kutenga makirediti ochepera 12, ngati otsala ali ochepa, ndipo chilolezo amapereka iwowo asanasiye kosi iliyonse.

Tadala: Achemwali alembe onse 34 basi abwere ndi digiri pa Khirisimasi 😂

Mayi a Chisomo: Iwe Tadala, akuluakulu akulankhula.

Malume a ku Area 25: Tsono alembe ati? Zaka zitatu wakhala akugwira mabuku a ndalama ku Blantyre, dipuloma ali nayo. Ine ndikuona Financial Accounting ndiye yoyamba.

Yamikani: Pa nzeru zake inde, koma imeneyo tiyiike pambali kaye, ndifotokoza. Ndikuganiza College Algebra, Principles of Macroeconomics ndi Principles of Microeconomics. College Algebra ili ndi mafunso pafupifupi 60, za chuma ziwirizo pafupifupi 80 aliwonse, onse mphindi 90. Mbiri ya America ndi American Government azisiye, ku sekondale kwathu sitiphunzira zimenezo, kungakhale kuyamba pa ziro. College Composition ndi ya pafupifupi maola awiri, muli zimangirizo ziwiri zolemba pa kompyuta, china chogwiritsa ntchito zolemba zimene akupatsa ndi kusonyeza komwe watenga mfundo. Chingerezi Chisomo amachidziwa, koma kalembedwe kameneko ndi bwino akaphunzire m'kalasi chifukwa makosi onse akutsogolo amakafuna.

Chisomo: Nanga Financial Accounting bwanji? Ndi imene ndimaidalira.

Yamikani: Vuto si koleji ino, ndi yunivesite imene udzasamukire. Iwo amaunikanso makirediti onse mwatsopano. Masukulu ena a zamalonda salandira CLEP pa kosi imene ili pakati penipeni pa digiri yako, amafuna giredi ya m'kalasi. Makirediti a mayeso amalembedwa opanda giredi, sakweza kapena kutsitsa GPA, avereji ya magiredi ako. Ndiye kwa munthu amene akufuna digiri ya akawunti, kapena kudzalemba CPA, mayeso ovomerezera akatswiri a akawunti, ufunse kaye yunivesiteyo komanso bungwe la CPA la dera limene udzalembere, poti dera lililonse lili ndi malamulo ake. Akavomera pa imelo, lemba.

Malume a ku Area 25: Akavomera, iwe Chisomo usalowe ndi matama. Kuno timatsata malamulo a akawunti a IFRS, kumeneko ndi a US GAAP. Kulemba madebiti ndi makirediti n'chimodzimodzi, bank reconciliation n'chimodzimodzi, koma LIFO, yowerengera ngati katundu wolowa komaliza ndiye woyamba kugulitsidwa, imene kuno siloledwa, kumeneko imaloledwa ndipo amaifunsa. Uyeserere kuwerengera mtengo wa katundu wotsala ndi wogulitsidwa pa FIFO (wolowa koyamba ndiye woyamba kugulitsidwa), LIFO ndi avereji, mitengo ikamakwera uzidziwa njira imene ikupereka phindu lochepa, ndi LIFO. Ubwerezenso za ma bond, zikalata za ngongole, ogulitsidwa pamtengo wotsika kapena wokwera, masheya a kampani, ndi cash flow statement. Muofesi zimenezi kompyuta ndi imene imachita, dzanja limaiwala. Mawunso amasiyana: madebtors kumeneko ndi accounts receivable, stock imene ife timatanthauza katundu iwo amatanthauza masheya, katundu amati inventory.

Chisomo: Zikomo amalume, ndajambula uthengawu.

Mayi a Chisomo: Dipuloma yake ija siingamupatse makirediti yokha popanda mayeso?

Yamikani: Imeneyo ndi njira ina mayi aang'ono. Amaitumiza ku mabungwe ounika maphunziro akunja, monga WES kapena ECE, iwo n'kulemba kuti kosi iliyonse ikufanana ndi chiyani ku America. Zimafuna ndalama zoposa mayeso amodzi, mapepala amayenera kuchokera ku sukulu mwachindunji, ndipo mawu omaliza amakhalabe a koleji. MSCE yokha ndi ya sekondale, imangomulowetsa pakhomo. Chisomo afunse zonse ziwiri tsiku limodzi, chifukwa kosi imodzi sangaipatse makirediti kawiri. Ngati dipuloma yaphimba akawunti, mayesowo ndi kutaya ndalama.

Bambo aang'ono a ku Joni: Pasi maki ndi zingati?

Yamikani: Malikisi amayambira 20 kulekeza 80, ndipo bungwe la ACE, loyimira makoleji a ku America, limalangiza kuti 50 ndi yokwana. Makoleji ambiri amatsata zimenezo, ena amafuna kuposa. Koma 50 imeneyi si theka la mafunso ayi, amatenga mayankho okhoza n'kuwasandutsa pa sikelo yawo, ndipo mafunso ena ndi ongoyesera, sawerengedwa, iwe sungawadziwe. Kulakwa funso sikuchotsetsa malikisi, choncho osasiya funso lopanda yankho. Mphindi zisanu zikatsala, dzaza onse otsala.

Azakhali a ku South Bend: Unene za miyezi itatu ija.

Yamikani: Inde. Ukalephera, umadikira miyezi itatu usanabwereze mayeso omwewo. Ukalemba nthawi isanakwane, amafafaniza zotsatira ndipo ndalama sabweza. Komanso kumapeto kompyuta imafunsa ngati ukufuna kuti malikisi awerengedwe kapena uwataye, usanawaone. Usawataye chifukwa cha mantha. Ndalama zapita kale, ndipo anthu amatuluka akuganiza kuti alephera pamene akhoza. Ukavomera, pa mayeso opanda zimangirizo malikisi amaoneka pompo pa sikirini.

Chisomo: Ndiye College Algebra ndiyambe nayo, chifukwa popanda imeneyo sandilola kulembetsa Statistics mu Januwale.

Yamikani: Waganiza bwino. Ulembe kumayambiriro kwa Okutobala, upatse koleji milungu itatu kapena inayi kuti makirediti aoneke pa rekodi yako kulembetsa kusanadzaze. Kalikuleta yako sulowa nayo, ili pa kompyuta momwemo, ndiye uyeserere yomweyo pa intaneti kuti usakatayire nthawi kufufuza mabatani. Ma function, ma logarithm ndi magirafu ndi pamene munthu amene anasiya masamu ku Fomu 4 amaterereka. Pa Macroeconomics, magirafu a aggregate demand ndi supply uziwajambula wekha papepala mpaka azibwera okha, ndipo udziwe mmene Federal Reserve imagulira ndi kugulitsa ma bond kuti isinthe chiwongoladzanja. Ntchito yake ndi ngati ya Reserve Bank kwathu, koma mafunso amabwera ndi zitsanzo zakumeneko.

Malume a ku Area 25: Tsopano ndalama.

Azakhali a ku South Bend: Mayeso amodzi ndi pafupifupi madola 100, mtengo umakwera pang'ono chaka ndi chaka, Chisomo aone wa lero. Pamwamba pake malo olembera amalipiritsa zawo padera. Koma pali a Modern States, amene ali ndi makosi aulere pa intaneti okonzekeretsa CLEP. Ukamaliza mavidiyo ndi mafunso awo, umapempha vocha imene imalipira mayesowo. Chofunika, vocha ibwere kaye, kenako kulembetsa, poti nambala yake imalowetsedwa polipira. Ukayamba walipira wekha, wadzipweteka.

Chisomo: Ndinaimba ku malo olembera a pa koleji pathu, akuti madola 25 pa mayeso aliwonse. Kulembera kunyumba kulinso koma kuli ndi mtengo wake.

Azakhali a ku South Bend: Kunyumba iwalako. Amafuna chipinda chachete chotseka, kamera, pa tebulo popanda kanthu, munthu akangolowa atha kukuimitsa. Ndi adzukulu anga awiriwa, Loweruka m'nyumba muno muli ngati pa depoti.

Yamikani: Polembetsa samala izi. Dzina likhale ndendende mmene lilili mu pasipoti, Chisomo ali ndi maina atatu, asadule. Pasipoti isakhale yotha. Ukalembetsa amakupatsa tikiti yogwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi, koma tikitiyo si tsiku la mayeso, tsiku umapangana ndi malo olemberawo pawekha. Ndipo usankhe koleji yolandira malikisi nthawi yomweyo, pamenepo n'zaulere. Ukaiwala udzalipira madola 20 kuti atumize. College Board imasunga malikisi zaka 20, ndiye podzasamukira ku yunivesite udzaitanitsa kuchokera kwa iwowo.

Bambo aang'ono a ku Joni: Ndinamvako za ena, DSST. Ndi omwewa?

Yamikani: Ndi achibale. Anayambira kwa asilikali a ku America koma aliyense amalemba. Malikisi awo ndi 200 mpaka 500, pasi ndi 400, maola awiri, ndipo kubwereza ndi pakatha masiku 30. Ali ndi Principles of Statistics ndi Introduction to Business zimene CLEP ilibe. Makoleji owalandira ndi ocheperako, ndiye Chisomo awonjezere funso limenelo pa imelo ija. Tisathamangire akalulu awiri.

Malume a ku Area 25: Ndiye ndiwerengere. Mayeso anayi ku malo olembera, madola 100. Tiike padera 200 ngati vocha yachedwa kapena kwafunika kubwereza. Kutumiza malikisi 20. Zonse 320. Ife akuno ndalama zakunja zikuvuta, khadi la banki silingadalirike kulipira m'madola, ndiye akunja mulipire, ife tikubwezerani m'makwacha pogula feteleza wa agogo m'malo mwanu.

Bambo aang'ono a ku Joni: Bola choncho. Ine 120, ndituma kwa achemwali kutha kwa mwezi.

Azakhali a ku South Bend: Ine 100, ndi kumuperekeza pa galimoto tsiku la mayeso.

Yamikani: Zotsala 100 ndi zanga. Chisomo, Lachisanu lililonse uzinditumizira malikisi a mayeso oyeserera. Ndikaona ukukhoza mafunso awiri mwa atatu aliwonse kawiri motsatizana, ndi nthawi yoyezera, ndiye tipangana tsiku. Tisanafike pamenepo, osalembetsa.

Mayi a Chisomo: Ambuye akudalitseni nonse. Chisomo, mbale za azakhali ako uzitsukabe, usanamizire mayeso.

Chisomo: Ndamva amayi 😅 Lolemba ndili ndi kalasi mpaka 11, ndikangotuluka ndipita kwa registrar ndi ku ofesi ya I-20. Imelo ikabwera ndiiponya pano.

Tadala: Amalume, feteleza uja matumba angati? Ndine amene ndikakwere nawo minibasi.

Malume a ku Area 25: Anayi, awiri okulitsa awiri obereketsa. Undiimbire madzulo.